Mapemphero M'nsanja ya Matabwa

Ine sindikhululuka msanga. Amalume anga a Ochir amati ndikadzafa ndidzabadwanso ngamila, nyama yosunga mangawa, koma zimenezo tidzaziona komweko.

Chaka china anthu a mafilimu ochokera ku Mosko anabwera kwathu kuno ku Kalimikiya kudzajambula sewero la pa kanema, la zombo zouluka pakati pa nyenyezi. Ati chidikha chathu chopanda mitengochi chimaoneka ngati dziko lina. M'seweromo munali amonke achibuda okhala pa nyenyezi inayake, anthu osaseka, osalira, oti akangong'ung'udza pang'ono zipolopolo zimayoyokera pansi. Tinkaseka, koma ganyu ndi ganyu. Theka la tauni linameta mpala n'kusanduka amonke, ine n'kumawasokera mikanjo.

Bwana wa filimuyo anali Rodion, munthu woti akamayankhula nawe maso ali kwina. Iyeyu anamva kuti amalume ali ndi kurde yakale, kachigubu kamkuwa ka pandodo komwe timazunguliza popemphera, ndipo anandituma kuti ndikabwereke. Amalume anayamba akana. Kurdeyo inali ya mayi awo, inapita nawo ku Saiberiya nthawi yomwe mtundu wathu unathamangitsidwa, n'kubwerako nawo. Ndinawanyengerera mpaka anandipatsa, ndi manja awiri.

Tsiku lomwe Rodion anandibwezera kurdeyo, ndinamva kuti yapepuka. Nditatsegula chivundikiro ndinapezamo kababu ndi batire. Mpukutu wa mapemphero, womwe ndiwo moyo wa kurde, munalibe.

"Bwana, mapepala anali munowa ali kuti?"

"Mapepala? Oo, aja. Timafuna kuti iziwala buluu. Funsani anyamata."

Misozi inatsika yokha, ya ukali. Rodion anandiyang'ana koyamba chibwerereni.

"Nanga mukulira chiyani, mayi? Si inu Abuda mumati munthu asamakakamire zinthu? Kawerengeni gawo lachitatu la seweroli, zonsezo tinalembamo."

Anzake anafa nacho chiseko. Mapemphero aja ndinakawapeza m'bini, ong'ambikang'ambika, pakati pa masamba a tiyi ndi zotsalira za ndudu. Ndinawatola kachidutswa ndi kachidutswa n'kuwakulunga pansalu yoyera.

Amalume sanandikalipire, ndipo ndi zomwe zinandiwawa kwambiri. Anaizunguliza kamodzi kurde ija, n'kumvetsera kuti ndi chigoba chabe, n'kuiika m'kabati. "Tiyi akuzizira, Delgir, imwa," anatero. Ndinamwa, koma mumtima ndinali nditamuweruza kale Rodion. Mlandu suola.

Sewero lonselo linkathera pa nsanja. Akalipentala anali atamanga pakati pa chidikha chinsanja cha matabwa, chopentedwa choyera, chooneka ngati suburgan weniweni, nsanja yopatulika ija timaizungulira. Pomaliza adani amayenera kuiphulitsa, amonke atakhala chapatali ali phee, kuonetsa kuti alibe nazo ntchito za m'dziko. Nsanjayo inali imodzi yokha, ndipo mnyamata wotchuka wa m'seweromo amakwera ndege mawa lake la kuphulitsako, choncho mpata wobwereza panalibe. Rodion ankainena nsanjayo ngati mwana wake woyamba.

Chomwe samadziwa n'chakuti suburgan sapatulika ndi maonekedwe. Wopanda kanthu mkati ndi matabwa basi, ungathe kusonkhera moto, n'chifukwa chake palibe ankadandaula. Koma mukangolowa pemphero, ngakhale kachidutswa, wapatulika basi. Palibe wa mtundu wathu angamuguguze n'chala, ndipo zopatulika zomwe zalowamo sizitulukanso.

M'mawa wa tsiku lophulitsa nsanja, anthu ali pamzere wa tiyi wathu wothira mchere, ndinayenda ndi mtolo wa mikanjo ngati ndikukagawa. Ndinalowera pa kakhomo ka kumbuyo kwa nsanja, n'kudumpha mawaya ndi timapaketi ta onga, n'kuika nsalu yoyera ija pamwamba pa mtanda wa denga. Nditatuluka ndinauza munthu mmodzi yekha, Gilyana wophika tiyi, amene pakamwa pake sipagona nkhani.

Dzuwa litakwera, amonke aganyu aja anakhazikidwa m'mizere kutali ndi nsanja. Ndinawayang'ana, onse maso pansi. Apa mantha anandigwira zenizeni. Awa anali anthu a ana kunyumba, ometa mpala chifukwa cha njala, ndipo wina aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe. Akanangokhala chete, mapemphero a agogo, opulumuka ku Saiberiya ndi m'bini, akanauluka ndi utsi, woikamo n'kukhala ine.

"Konzekani!" anakuwa Rodion pa chimkuzamawu.

Palibe anasuntha. Ndinaponya pansi sizasi, n'kudutsa kutsogolo kwa makamera onse. Ndinaizungulira nsanja kamodzi, dzanja lamanja lili kumbali yake monga mwa mwambo, kenako n'kukhala pansi n'kutsamira matabwa.

"Chotsani mayi wamisalayo!" anakuwanso Rodion.

Wogwira kabokosi kophulitsira anali Sanal, bambo wa kwathu konkuno amene anakhalako msilikali. Anaimirira n'kutchinga maso ku dzuwa.

"Achemwali! Zomwe akunena a Gilyana n'zoona?"

"N'zoona! Muli mapemphero a mayi ake a Ochir!"

Sanal anayang'ana kabokosi, n'kuyang'ana Rodion, kenako anazula waya n'kuupinda bwinobwino n'kuuika m'thumba la jekete.

"Iwe, ndakuchotsa ntchito!"

"Chabwino bwana, dinani nokha. Koma waya ndi wanga, ndinachokera naye kunyumba."

Ndiye mizere ija inagumuka. Anayamba ndi a Bembya, dalaivala wopuma ntchito, akukoka mkanjo womwe ndinawasokera wautali. Ena anatsatira, mipala ili ngwee padzuwa, n'kuyamba kuzungulira nsanja akupemphera, mapemphero enieni tsopano, osati kung'ung'udza kwa m'sewero. Amayi ena anathamangira ku hema wophikiramo tiyi n'kubwera ndi mkaka wowaza ngati nsembe.

Rodion anatukwana mpaka mawu anasasa, kenako anasintha nyimbo. Anabwera n'kunjuta patsogolo panga, chipewa chili m'manja.

"Mayi Delgir, chonde. Atulutseni mapepalawo, tiwasunga bwino. Ndikugulirani ena atsopano, okongola."

"Zikalowa sizituluka, bwana," anamuyankha a Bembya akudutsa. "Munafunsa ndani pomanga chinthu chooneka chonchi?"

"Ndi matabwa! Ndinajambula ndekha papepala! Popanda nsanjayi ndilibe mathero, ndatha ine, mukumva?"

Anali akulira, chimunthu chachikulu, mamina ali chuu. Ndinasangalala, ndisakunamizeni, ndinasangalala mpaka kumapazi.

"Lirani bwino, bwana," ndinatero. "Kamera ija sanaizimitse."

Masana Sanal anachotsamo onga wake mosamala, akalipentala n'kukhomerera kakhomo kaja ndi misomali. Magalimoto a filimu anayamba kupakira. Ndi nthawi imeneyo pomwe amalume anafika, atakwezedwa ndi mnansi. Anaizungulira nsanja pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, n'kudzaima pomwe ndinakhala. Ndinadzuka ndikumwetulira, kudikira kuti anditche mwana wabwino.

"Delgir, ati unaika mapemphero a amayi pamwamba pa onga?"

"Ee, amalume."

"Nanga Sanal akanadina?"

"Sanadine."

"Sindinafunse zimenezo." Anatsamira ndodo yawo. "Zidutswa zija zikanamatika. Amonke a ku kachisi amadziwa kumata, zikanabwerera m'kurde. Unkadziwa?"

Ndinkadziwa.

"Tandiuza zoona, mwana wa mlongo wanga. Polowa mmenemu, unkaganiza za amayi, kapena za munthu uja?"

"Za munthu uja, amalume."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu chomwe sangagule. Kenako anatembenuka n'kulowa m'gulu la ozungulira aja, ndipo sanandiitane kuti ndiyende nawo.