Tsiku Limene NyaMhone Anayenda Pansi pa Nyanja

Olive NyaMhone wa ku Tukombo anabadwira kunyanja, nakulira komweko. Ntchito yake inali kuyanika usipa pathandala ndi kukagulitsa ku Chintheche, ndipo mwera ankaumva m'mafupa usanafike. Za madzi ankati palibe angamuuze zachilendo.

Mwana wake wotsiriza, Mwawi, anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Tanzania amene ankabwera kudzakonza mainjini a maboti. NyaMhone ukwatiwo sunamusangalatse. Mkamwini anali Msilamu, kwawo kunali kutali, pamene iye anali mayi wa Umanyano wosajomba kutchalitchi. Koma Mwawi atabereka, mwamuna wake wa NyaMhone, Killion, anati, "Pitani mukaone mwana, NyaMhone. Khandalo silinakulakwireni."

Anawoloka pa boti mpaka ku Mbamba Bay, nakwera mabasi odzera ku Songea, mpaka anafika m'katauni kena pafupi ndi Lindi, m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Anafika masana dzuwa litapendeka. Ali pa bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, anaiona nyanjayo itadzaza, ikumenya khoma la m'mbali mwa msewu, ngalawa za matanga zikuvina pamwamba pake. "Nyanja ndi nyanja basi," anatero mumtima.

Pakhomo anamulandira msewere wake, mayi ake a mkamwini uja, Bi Mwanahawa, mayi wamfupi, wochepa thupi, wolankhula ngati wailesi. Iye ankadziwa Chiswahili chokha, NyaMhone Chitonga ndi Chichewa. Anapatsana moni wa manja, n'kumangoyang'anana. NyaMhone anatenga mdzukulu wake n'kukhala pakona, nkhope ili gwa.

Kutacha, Bi Mwanahawa anamukoka chitenje, namupatsa dengu. Mwawi ali kuyamwitsa anati, "Akuti mupite nawo kumsika, Ama. Pitani, mukawongole miyendo."

Analowa m'tinjira topanikiza, moti munthu atatambasula manja akanagwira makoma onse awiri. Nyumba zinali zamiyala yoyera yobowokabowoka, zitseko zake zosemedwa maluwa. Madoda ovala mikanjo anakhala pakhonde akumwa khofi m'timakapu tochepa ngati chivindikiro cha botolo. Mayi wina ankakazinga zitumbuwa, koma NyaMhone ataluma chimodzi anapeza kuti n'champunga, chonunkhira kokonati. Pamwamba pa mitu yawo mwamuna anali kukwera mtengo wa kokonati miyendo atamanga ndi chingwe, akuimba ngati ali pansi.

Atafika pamsika wa nsomba, NyaMhone anaima chilili. Panali nsomba zofiira, zobiriwira, zamizeremizere ngati wina wazipaka penti usiku. Ina inali yaphanthiphanthi ngati lichero, mchira ngati chikoti. Amuna awiri anadutsa akukankha njinga, atagonekapo nsomba yotalika kuposa munthu, mphuno yake ngati mkondo. Bambo wina ataimirira patebulo ankakweza nsomba m'mwamba, amayi akulimbirana mitengo mofuula. Pambali panali mulu wa zinthu zoterera, zopanda mamba, zopanda fupa, miyendo isanu ndi itatu.

"Pweza," anatero Bi Mwanahawa.

NyaMhone anakhudza ndi chala, n'kuchibweza msanga. Zaka zonsezi akugwira nsomba, pano sanadziwe dzina la ngakhale imodzi.

Bi Mwanahawa sanagule kanthu. Anatenga ndodo ziwiri zosongoka kwa mnzake, nadutsa kuseri kwa msika, kulowera kugombe. NyaMhone anamutsatira, ndipo atatulukira pakhoma lija, dengu linamugwa m'manja.

Nyanja kunalibe. Pamene dzulo mafunde ankamenya panali mchenga wonyowa wokhawokha, ukunyezimira mpaka kutali komwe maso amalekezera. Ngalawa zonse zinagona cham'mbali ngati ng'ombe zodwala, zingwe za nangula zili lambalamba pansi. Anayang'ana anthu kuti aone ngati akuthawa, koma wina ankatsuka njinga, wina ankasenda chinangwa.

"Maji!" anafuula m'Chitonga, akuloza. "Asewere, maji!"

Bi Mwanahawa anatembenuka modabwa, pakuti liwulo ndi lomwelo kwawo. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Maji yamekupwa, Mama Mwawi."

Kupwa. Kuphwa. NyaMhone anamva. Madzi aphwa! Koma nyanja yonse n'kuphwa usiku umodzi ngati chithaphwi?

"Yatajaa," anapitiriza mnzakeyo, akukweza dzanja kuchokera pansi mpaka pakhosi. Adzadzanso.

Anatsika, nayamba kuyenda pamene dzulo pankayenda ngalawa. Amayi ambiri anali kale kutsogolo, nsalu zawo zowala zitamwazika pamchenga ponse. NyaMhone ankaponda mosamala ngati walowa m'nyumba ya eni. M'timaenje totsalira madzi munali tinsomba tabuluu tochepa ngati chikhadabo. Munali chinthu chonga nyenyezi, chofiira, chamoyo. Anatola chigoba cha nkhono, chigobacho n'kutulutsa miyendo, kuyamba kuyenda m'dzanja lake. Anakuwa, kenako anaseka, ndipo kanali koyamba kuseka chifikireni.

Anawoloka kakhwawa kouma, nafika pamiyala. Bi Mwanahawa anagwada, nalowetsa ndodo kuphanga, nasokosa. Mwendo woterera unatuluka n'kumukulunga mkono, kenako wina. Iye anangokoka modekha, pweza yense n'kutuluka akusintha mtundu, kufiira, kutuwa, kuderako. Anamuponya m'dengu n'kupita paphanga lina.

NyaMhone anamusiya akusaka, napitirira yekha kumene kunkamveka mkokomo. Kumapeto kwa miyalayo anaipeza nyanja. Inali itaima pamenepo, yakuda bii, ikuswa mafunde oyera aatali ngati nyumba, koma osadutsa malire. Atacheuka, tauni ija inali kamzere koyera, nsanja ya mzikiti ngati chitsotso cha machesi. Anakumbukira nkhani ya kutchalitchi ya anthu amene anayenda pouma pakati pa nyanja. Kuyambira ali mwana ankaimva ndi makutu, lero mapazi ake anali pamenepo. Milomo inayamba yokha kung'ung'udza nyimbo ya Umanyano, misozi ikutsika.

Kumbuyo Bi Mwanahawa ankaitana. NyaMhone anakweza dzanja kuti adikire pang'ono. Kunalibe mphepo, kunalibe mtambo, ndipo kwawo madzi sasuntha popanda mphepo. Anaitanidwanso, osatembenuka. Mpaka mnzakeyo anachita kubwera kudzamugwira pamkono, nkhope itasintha. Amayi ena onse anali atapita.

Madzi sanabwere ndi phokoso. Anangotulukira m'timing'alu ta miyala, kuzungulira akakolo, ofunda ngati osamba. Awiriwo anayamba kufulumira. Mwadzidzidzi Bi Mwanahawa anakuwa n'kukhala pansi. Anali ataponda kanthu kakuda kaminga ngati kanungu, ndipo minga zinathyokera m'phazi. Anadzuka akutsimphina, atakolowekera dzanja paphewa la NyaMhone.

Atafika pakakhwawa kaja anapeza ndi mtsinje, madzi akuthamangira kumtunda. Bi Mwanahawa anaima. Anayang'ana madziwo, nayang'ana NyaMhone, napukusa mutu. NyaMhone anazindikira kuti mayi wobadwira panyanja yaikulu chotere sadziwa kusambira.

"Kwerani, asewere," anatero, akuwerama ndi kudzimenya pamsana.

Anamubereka, namumanga ndi chitenje ngati khanda. Bi Mwanahawa dengu la pweza sanalisiye, analisenza pamutu. Analowa. Madzi anafika m'chiuno, kenako pachifuwa, akukankha miyendo cham'mbali. Funde lina linamumenya kukamwa, mchere n'kumuwawa mpaka m'mphuno. Pakatikati mapazi anasiya pansi. NyaMhone anapalasa monga ankachitira ali mtsikana ku Tukombo, ndipo anadabwa kumva madziwo akumunyamula okha, iye ndi katundu wake, mopepuka kuposa madzi a kwawo. Kumsana kwake mnzakeyo ankatchula dzina la Mulungu m'chinenero chake, iye akutchula m'chake. Kenako chala chinagunda mchenga.

Pagombe amayi anawathamangira. Wina anabwera ndi papaya wamuwisi n'kudontheza utomoni paphazi lija. Bi Mwanahawa, ali chikhalire pamchenga, anamukalipira NyaMhone m'Chiswahili kwa nthawi yaitali, chala chili m'mwamba. NyaMhone sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma anamva zonse.

"Pepani, asewere. Ndalakwa ine."

Bi Mwanahawa anapumira m'mwamba, namuyang'ana mmene analili, duku litapita ndi madzi, ndere zili m'tsitsi. Anaphulika kuseka, namukokera pansi kuti akhale pambali pake. Anakhala phewa ndi phewa akuonerera. Madzi anafika pangalawa yoyamba, naigwedeza, ngalawayo n'kudzuka. Kenako ina, kenako ina, mpaka zonse zinayandama, amuna akukweza matanga. Pamene iwo anayenda panali nyanja yokhayokha.

Kunyumba NyaMhone anamufunsa Mwawi, "Zimenezi zimachitika chaka chilichonse?"

"Tsiku lililonse, Ama. Kawiri."

NyaMhone anapukusa mutu, namukhazika bwino mdzukulu pamiyendo.

Anayenera kukhala sabata imodzi, koma anatha mwezi. Phazi litapola ankapita limodzi kumiyala, ndipo akangoitanidwa ankatembenuka nthawi yomweyo. Anaphunzira kukoka pweza kuphanga, ngakhale kudya anakana mpaka tsiku lonyamuka.

Atabwerera ku Tukombo anafotokozera asodzi amene ankasoka ukonde wa chilimira pansi pa mtengo. Gresham, mphwake wa Killion, anaseka. "Ndiye kuti kumeneko maukonde n'ngosafunika, angotola nsomba ngati mango? Apa mwathira mchere, Ama."

"Mcherewo ndinachita kumwa, mwana iwe," anayankha NyaMhone.

Anthu anaseka, nkhani n'kupita kwina. Killion yekha sanaseke. Anapitiriza kusoka, ndipo pobwerera kunyumba anafunsa, "Madziwo akachoka, amapita kuti?"

"Sindikudziwa. Ngakhale eni akewo sanandiuze zomveka."

"Pasipoti yanga ija inatha ntchito," anatero Killion. "Mawa ndipita ku Mzuzu ndikafunse za yatsopano."