Seva ya Pachilumba ndi Chinkhoswe Changa

Litatsala tsiku limodzi kuti chinkhoswe changa chichitike, abwana anaimba foni. Kampani ya intaneti inali itasintha manambala ake, ndiye adiresi ya seva yathu ya pachilumba cha Chisi inayenera kusinthidwa tsiku lomwelo. Seva imeneyi ndi kompyuta yosunga mabuku amene ana asukulu amawerenga pamatabuleti. Ndinakaiika ndekha, ndipo ndimaiyendetsa ndili kumtunda kuno kwa Mwambo.

Kuipa kwa ntchito imeneyi n'koti njira imene ukukonzayo ndi yomweyo ukulankhulira ndi seva. Ukalakwitsa, seva imatseka pakamwa, basi ukwere bwato ukaikonzere komweko. Chaka chimenecho nyanja ya Chilwa inali itaphwa. Mabwato ankachita kuwakankha m'matope, kupita lero kubwerako mawa madzulo, chinkhoswe chitatha.

Ndinanyamula laputopu kukakhala pachulu cha kuseri kwa nyumba, pokhapo pamene netiweki imagwira. Azakhali anga, amene ankapeta mpunga wa alendo, ananditsatira ndi lichero lawo.

"Sophia, mkwatibwi wake uti wokhala pachulu? Ukapita kuchilumbako, ife mawa tifunditsa chitenje mng'ono wako Mary. Mwamuna wako Gerishomo akavundukula, atenge yemweyo."

Amayi onse pabwalo anafa nazo nseko. Ine zinandinyansa, chifukwa azakhali anga akhoza kuchitadi.

Ndisanakhudze kalikonse ndinasunga masetingi akale, n'kuilamula seva kuti pakapita mphindi zingapo ndisanaiuze kuti zili bwino, ibwerere yokha ku akalewo. Kenako ndinafufuta adiresi yakale, kulemba yatsopano, n'kudina batani.

Zii.

Ndinadinanso. Zii. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti sindinaipatse khomo latsopano lotulukira kupita ku intaneti. Mutu wonse unali ku diresi lomwe telala anali asanamalize.

"Yafa?" anafunsa azakhali, akusuzumira.

"Azakhali, chonde musandiyankhulitse."

"Mary! Pita ukasambe, mwanawe!"

Ndinayang'ana kunyanja. Phiri la Chisi linkaoneka apo, kuseri kwa mabango ndi matope osatha. Ndinachita mantha zenizeni. Nanga ngati lamulo lobwerera lija nalonso ndinalilakwitsa? Ndinadziona ndili m'matope mpaka m'chiuno, anthu kuno akugawana nkhuku yanga.

Mwadzidzidzi tizilembo tinayamba kuyenda pa sikirini. Seva inabwerera yokha!

Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. "Yadzuka! Azakhali, yadzuka!"

"Ndiye tsika."

"Ayi, ndiyambirenso."

"Iwe uli bwinobwino?"

Ulendo wachiwiri ndinachita mmene timasinthira bwato padoko la Kachulu: suchotsa mwendo m'bwato ili winawo usanaponde bwino m'linalo. Adiresi yakale ndinaisiya pomwepo, yatsopano n'kuiika pambali pake, pamodzi ndi khomo lake lotulukira. Ndinatcheranso lamulo lobwerera lija. Kenako ndinatsegula zenera lina pa laputopu n'kugogoda pa adiresi yatsopano.

Seva inayankha, n'kundifunsa pasiwedi mwaulemu wake wonse.

Ndinalowa, ndinachotsa yakale, ndinayesanso, ikuyankhabe. Pomaliza ndinathimitsa lamulo lobwerera, kuopa kuti lingandibwezere m'mbuyo ndili pakati povina. Pachulu paja ndinatsika ndikudumpha, laputopu pamutu, mpaka ndinagunda lichero la azakhali mpunga n'kumwazika. Anandikalipira, koma akuseka.

Mawa lake anatifunditsa zitenje, ine, Mary ndi atsikana ena, kutindandalitsa pamphasa kuti akuchimuna asankhe wawo. M'chitenjemo munkatentha koopsa. Mary anandigunda ndi chigongono.

"Achemwali, mwandilanda mwayi," ananong'ona.

Ndinamva mapazi akuyandikira. Anaima pa Mary kanthawi, anthu n'kukuwa. Ndinangoti mumtima, Gerishomo, yerekeza uone.

Chitenje changa chinavundukuka. Gerishomo anali akuseka, maso ali pa ine. Nthungululu yoyamba, yaitali kuposa zonse, inali ya azakhali.