Anakonzetsa Foni Yosawonongeka

Foni ya a Mmisiri inkagona m'kabati, pansi pa mathaulo, ngati katundu wakuba.

A Mmisiri anali bambo oluka mipando. Maso awo anayamba kuchita chifunga zaka zitatu zapitazo mpaka anazimiratu, koma zala zinkaonabe. Ankakhala pakhomo la kashedi kawo, chingwe china m'mano, china m'manja, n'kuluka mpando woti ukaukhalira umaiwala kumene umapita. Manja analibe vuto. Vuto linali foni.

Kafoni kawo kakale ka mabatani kanagwera m'ndowa ya madzi n'kufa. Kaja ankakadziwa ngati mano a m'kamwa mwawo: batani lapakati linali ndi kachotupa, ndipo ukapeza kachotupako, ena onse wawapeza. Mwana wawo wamwamuna, dalaivala wa lole, anawagulira ina yamakono, yaikulu, galasi lokhalokha. Anagula ndi mtima wabwino. Koma galasi lilibe kachotupa.

Tsiku lachiwiri, a Mmisiri akuipapasa m'mbali, foniyo inangoyamba kulankhula. Ukaikhudza, mawu achizimayi ankatchula zinthu. Ukadina, palibe chinkatseguka.

Mwana wawo wamkazi, amene ankaluka tsitsi pa saluni, analumpha. Anthu ankamutcha Tsabola, chifukwa mkwiyo wake sunkadikira kuitanidwa.

"Achimwene, mwatigulira foni ya mizimu!" anakuwa Tsabola. "Akuberani masanasana!"

Anathamanga nayo kwa wokonza mafoni kumsika. Wokonzayo anadinadina, foni inati zii. "Yachira," anatero.

Atabwera nayo kunyumba, a Mmisiri ananena motsitsa mawu, "Komatu ija inandiuza nthawi." Palibe anawamva. Onse anali otanganidwa ndi kuwathandiza.

Kuchokera tsiku limenelo, Tsabola anaika foniyo m'kabati n'kupatsa makasitomala a bambo ake nambala ya iye mwini. Koma munthu amene zala zake zili m'tsitsi la mnzake sayankha foni. Ofuna mipando ankaimba kawiri, katatu, kenako n'kupita kwina. Ndiye Lachitatu lina mpeni unaterereka n'kuwacheka a Mmisiri pachikhatho. Anakhala okha kuyambira m'mawa mpaka masana, dzanja lokulungidwa ndi malaya, foni ili m'kabati mamita awiri kuchokera pamene anakhala.

Dalaivala atamva, anagamula mlandu. "Mwezi uno ukatha ndikubwera ndi lole. Shedi titseke. Bambo akakhale kwanga, kuli chipinda kuseri."

"Ndikakatani kumeneko?" anafunsa a Mmisiri.

"Mukapume, bambo."

"Ndikapume pampando woluka munthu wina?"

Tsabola anatuluka panja mtima ukuwira. Anakwiyira achimwene ake, anakwiyira mpeni, koma makamaka anakwiyira opanga mafoni. Anthu ophunzira, a masukulu ataliatali, kukhala pansi n'kupanga chinthu cha anthu a maso okhaokha! Nanga bambo ake si munthu? Kapena munthu akasiya kuona ndiye kuti wasiyanso kukhala ndi abale oti awaimbire?

Loweruka ku saluni kunabwera kasitomala watsopano, mayi wamtali wa ndodo yoyera, amene anali atangosamukira m'nyumba za kuseri kwa kumene Tsabola ankakhala. Anali aphunzitsi, ndipo sankaona chibadwire. Tsabola atayamba kuwaluka, mayiwo anatulutsa foni m'chikwama. Galasi lake linali lakuda bii, losayaka. Koma chala chawo chinkayenda pamenepo ngati chikusewera, ndipo kamawu kankalankhula mothamanga ngati mbalame zam'mawa.

Chipeso chinaima m'mwamba. Mawu aja Tsabola anawazindikira.

"Pepani mayi, foni yanu yadwala matenda aja! Musadandaule, ndikudziwa munthu kumsika, amachotsa mphindi imodzi."

Aphunzitsi anaseka mpaka ndolo zinagwedezeka. "Mwana iwe, ukangondichotsera, tikakumana kukhoti. Amenewa ndi maso anga."

"Maso?"

"Ndangomaliza kuwerenga uthenga wa mkulu wa sukulu, ndayankhanso. Pano ndikufuna kudziwa ngati kugwe mvula, ndachapa. Tandipatsa botolo la mafuta ukufuna kundipakawo."

Tsabola anapereka. Aphunzitsi analozetsa kamera pa botolo, n'kulitembenuza pang'onopang'ono. Foni inawerenga dzina la mafutawo, inawerenga kagwiritsidwe ntchito kake, kenako inatchula tsiku.

"Aha," anatero Aphunzitsi. "Awa anatha ntchito mwezi wathawu. Mupake amene akuona."

Mayi wina amene anali m'chowumitsira tsitsi anatulutsa mutu, kukamwa yasa. Mwini saluni anatenga botolo lija, analiyang'anitsitsa, n'kungoti, "Mayo ine." Anthu asanu a maso awiriawiri anakhala akuligwira botolo limenelo sabata yonse. Amene analiona anali mmodzi, wa ndodo yoyera.

Tsabola anakumbukira mawu aja otsitsa a bambo ake, akuti komatu ija inandiuza nthawi. Anakhala pampando wa kasitomala.

"Mayi," anatero misozi ili m'maso, "ife tinakonzetsa foni yosawonongeka."

Mawa lake masana, Aphunzitsi anafika pa shedi. Anapapasa mpando umene anapatsidwa, chala chikutsata chingwe chilichonse.

"Bambo, waluka ichi ndi ndani?"

"Ndine, mayi."

"Ndiye foni ikuvutani chiyani? Foni ndi yophweka kuposa ichi."

Anauza Tsabola kuti atsegule pamene amasinthira zinthu za m'foni, afufuze kachithunzi ka munthu wotambasula manja. "M'menemo ndi mmene muli zothandiza anthu ovutika kuona, kumva kapena kugwira. Mafoni ambiri amakono amabwera nazo kale, sugula padera. Yatsa chowerenga mokweza. Uchepetse liwiro, bambowa ayambe ndi kuyenda, kuthamanga n'kwa mawa."

Mawu aja anabwerera. A Mmisiri anawongoka pampando ngati amva m'bale amene anasowa.

"Tsopano mverani," anatero Aphunzitsi. "Mukakhudza kamodzi, ikuuzani chimene mwakhudza, koma sitsegula. Ndi chifukwa chake ana anuwa ankati yafa. Imayamba yakuuzani, kuti musalowe khomo lolakwika. Mukafuna kulowa, gogodani kawiri mofulumira. Mukafuna chotsatira, kokerani chala kumanja."

A Mmisiri anagogoda ngati akukhoma msomali.

"Bambo, si thabwa limenelo! Pang'ono, ngati mukudzutsa khanda."

Anayesanso, koma anachedwa pakati. Anayesa kachitatu, foni inatsegula wailesi. Tsabola sanapirire, anatambasula dzanja. "Bweretsani ndikuchitireni."

Phaa! Aphunzitsi anamumenya kadzanja osaphonya, ngati akuona.

"Manja kumbuyo, iwe. Kuchitira munthu chilichonse ndi kumutsekera m'kabati pamodzi ndi foni yake."

Mawu amenewo anamulasa Tsabola kuposa khofi lija. Anapinda manja, naluma mlomo, n'kuyang'ana. Chala cha bambo ake, chokhakhala ndi zingwe za zaka makumi anayi, chinayenda pagalasi pang'onopang'ono. Foni inayamba kutchula mayina a anthu, ikuwapotoza ngati mlendo amene wangofika dzulo. Dzina la mlamu wawo inalitchula moti a Mmisiri anaseka mpaka kutsokomola.

"Ameneyu ndiye wamutchula bwino! Ndi mmene alili!"

Kenako anakhudza pamwamba pa galasi. Foni inanena nthawi. A Mmisiri analozetsa nkhope kumwamba, dzuwa likuwawomba pamasaya.

"Zaka zitatu," anatero. "Zaka zitatu ndakhala ndikupempha nthawi kwa anthu ngati mchere."

Sizinatheke tsiku limodzi, tisanamizane. Masiku ena ankakwiya n'kuiika foniyo pansi, akuti mzimayi wa m'katimo ndi wamwano. Aphunzitsi ankadutsa akaweruka, n'kuwonjezera kamodzikamodzi: kuyankha foni, kutumiza uthenga wa mawu m'malo molemba, kuvala tomvetsera ta m'makutu polemba nambala yachinsinsi kuti odutsa asamve. Tsabola anabweza nambala ya bambo ake pa chikwangwani cha shedi, pamene anaifufuta kale, n'kuilemba ndi penti wofiira, zilembo zazikulu ngati zaukali.

Tsiku lomaliza la mwezi, dalaivala ali m'njira ndi lole yopanda katundu, foni yake inalira. Anaima pambali pa msewu.

"Iwe Tsabola, ndikubwera, usandivutitse."

"Si Tsabola. Ndine bambo ako."

"Bambo? Wakuimbirani ndani?"

"Chala changa. Tamvera, lole ubwere nayo ndithu, ndikuifuna. Pali mipando isanu ndi umodzi yopita ku lesitilanti ya pafupi ndi siteshoni. Mwini wake anandiimbira yekha, ndinayankha ndekha."

Dalaivala atafika, anapeza mipando itandandalikidwa panja, Tsabola ataima pakhomo manja m'chiuno, wokonzeka kumenya nkhondo. Koma nkhondo sinachitike. Mchimwene wakeyo anaima n'kumayang'ana bambo ake akumvetsera uthenga wa kasitomala wina, foni ili pakhutu, chingwe chili m'mano. Anavula chipewa osadziwa kuti wavula.

"Nanga mukadzichekanso?" anafunsa motsitsa.

"Ndikuimbira. Ukapanda kuyankha, ndiimbira mlongo wakoyu. Akapanda kuyankha, ndiimbira Aphunzitsi adzakumenyeni nonse awiri."

Lole imene inabwera kudzasamutsa a Mmisiri inachoka itanyamula mipando yawo. Eni ake anatsala pakhomo la shedi, akuyamba wachisanu ndi chiwiri.

Phunziro lake nali, ndipo tilimve bwino. Foni yamakono si ya anthu oona okha. Mafoni ambiri ali ndi zothandiza m'kati mwake: amawerenga mokweza, amakulitsa zilembo kwa amene amaona pang'ono, ena amalemba mawu kwa amene samva bwino. Fufuzani kachithunzi ka munthu wotambasula manja, kapena funsani munthu amene amazigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, chifukwa iyeyo ndiye katswiri. Ndipo m'bale wanu akasiya kuona, musamulande foni n'kumati mukumuthandiza. Muphunzitseni, kenako manja kumbuyo. Akanena motsitsa mawu kuti chinthu chamuthandiza, imani kaye mumve, musanathamange nacho kumsika.