Lichero la Mayi Magdalena

Pa Malomo panalibe wodziwa kusankha mbewu ya mtedza ngati mayi Magdalena. Akaika lichero pamiyendo, njere yonyala sinkapulumuka. Vuto linali lakuti luso limeneli ankaligwiritsanso ntchito pa anthu.

Mwana wawo Langton atanena kuti akufuna kukwatira Sabina wa ku Dowa, mayiwo anatuma anthu kukafufuza mtundu wa mtsikanayo. Uthenga unabwera wowawa: azakhali a Sabina ankalankhula ndi anthu osaoneka, ndipo anagonekedwapo kuchipatala cha amisala.

"Ukwati palibe," anatero a Magdalena. "Misala imayenda m'magazi."

Langton anaonda ndi maganizo. Kenaka anabwera ndi nkhani ya pafoni, yoti kunja madokotala amakumanitsa mbewu ya bambo ndi ya mayi m'botolo, n'kuyeza miluza, n'kusankha wabwino asanauike m'mimba. Nkhope ya a Magdalena inawala. Azungu aphunzira lichero! M'mawa mwake anamukokera Langton m'minibasi mpaka kuchipatala.

Adokotala, mayi wa magalasi, anamvetsera osaseka, ngakhale milomo inkawanjenjemera.

"Amayi, kuno makinawo kulibe. Ngakhale kunjako, matendawa, omwe timati sikizofireniya, sali ngati njere yowola yoti muione. Amachokera ku tinthu tambirimbiri ta m'magazi, kuphatikizapo zomwe munthu amakumana nazo pamoyo. Makina amangopenekera. Mluza womwe mwataya ukhoza kukhala wabwinobwino, womwe mwasunga n'kudzadwala. Ndipo ana ambiri a m'mabanja oterewa sadwala n'komwe." Anatenga cholembera. "Nanga kwanuko alipo anadwalapo?"

"Kwathu? Ndi pang'ono pomwe!"

"Nanga amalume anga, a Lazaro?" anafunsa Langton motsitsa mawu.

"Iwe! Lazaro anachita kumulodza chifukwa cha nsanje ya fodya yemwe ankalima. Ija si misala."

Ndi mmene tilili anthufe: misala ya kwa eni ndi ya m'magazi, ya kwathu ndi ya afiti. Lazaro anali mlongo wawo wa a Magdalena, wa bere limodzi. Kwa zaka makumi awiri ankakhala m'kanyumba kuseri kwa shedi ya fodya, akumwa mankhwala n'kumakonza njinga za anthu. Alendo akafunsa, ankauzidwa kuti ndi waganyu. Pamwambo ndiye ankayenera kukhala nkhoswe ya Langton, koma a Magdalena anali atanong'oneza kale akatekisi kuti tsiku likadzafika adzaime m'malo mwake.

"Nanga mankhwala a ufitiwo amamwa? Amakatenga kuti?" anafunsa adokotala.

"Pawindo lanu lomweli," anayankha Langton.

Adokotala anaika cholembera pansi. "Ndiye a kwa Sabina akabwera ndi lichero lawo, njere yotaya ikhala mnyamatayu."

A Magdalena anamuyang'ana mwana wawo mmodzi yekhayo, ndipo mantha ndi manyazi zinawagwira pamodzi. Kenaka anakwera minibasi kubwerera kumudzi.

Atafika sanalowe m'nyumba. Anazungulira kuseri kwa shedi, komwe Lazaro ankamata chubu cha njinga.

"Achimwene, jekete yanu ija ilipo? Loweruka mukamuimire mphwanu Langton ku Dowa."

Lazaro anapukuta manja pang'onopang'ono, n'kuwayang'ana m'maso.

"Ndipita, achemwali. Koma ndikafika ndikati ndine ndani? Waganyu?"