Mpando wa Mlongoti

Ine ntchito yanga ndi yokonza mipando ya sofa. Ndimasenda nsalu yakale, kuchotsa siponji yofota, kukhoma yatsopano. Za mafoni sindizidziwa, ndipo sindizikhulupirira. Amene ankazidziwa ndi mwana wanga wamkazi, yemwe tinkamutcha Mlongoti chifukwa cha kutalika.

Iyeyo ndiye ankatsatsa ntchito yathu pa intaneti. Poyamba ankalemba nkhani zitalizitali pa chimene ankati bulogu: mpando uwu unabwera wothyoka mwendo, m'kati tinapezamo chipeso ndi supuni. Ankandiwerengera, ine n'kumaseka misomali ili pakamwa. Kenako mkamwini wanga, munthu wa nsapato zosongoka, anati anthu a masiku ano sawerenga.

"Chithunzi chimodzi, timawu tochepa, basi, apongozi."

Mlongoti anamvera mwamuna wake. Mwana wolongolola uja anayamba kulemba ngati mawu akumuwotcha zala.

Atadwala, ankakhala pa mpando wobiriwira pakhomo la shedi, foni ili m'manja, zala zikungoyenda. Ndinkamukalipira kuti apume. Tinamuika m'manda nyengo ya mvula.

Maliro atatha, makasitomala anayamba kubwera ndi nkhani yachilendo.

"Mtsikana wanu uja walemba m'mawa uno kuti muli ndi nsalu yofiira."

Nsaluyo inalipodi, ndipo anaisankha ndi iyeyo. Mkamwini atafika ndinamutsekera njira.

"Iwe, ukugulitsa mipando ndi pakamwa pa munthu wakufa? Manyazi ulibe?"

"Si ine, apongozi," anatero, maso ali pansi. "Mauthengawo anawalemberatu mwana wanu ali pampando paja, n'kuwaika pamzere. Tsiku lake likakwana, uthenga umatuluka wokha. Mukafuna ndizimitse pompano."

Chala chake chinali chitalendewera pamwamba pa foni. Ndinachikankha.

"Wakutuma ndani? Ndipo usadzandiuze kuti atsala angati."

Kuyambira pamenepo ankabwera m'mawa uliwonse kudzandiwerengera. Timawu tochepa, koma ndi Mlongoti ndithu, mpaka kachipongwe kake. Akamawerenga, ine maso ankakhala pa mpando wobiriwira. Siponji yake inali idakali yolowa m'kati pamalo pamene ankakhala. Sindinkalola munthu kukhalapo, ngakhale mphaka.

Tsiku lina kunabwera mayi wina atabereka khanda.

"Agogo, ndabwerera mpando wobiriwirawo. Ndikufuna woyamwitsirapo."

"Sitigulitsa."

"Aa, koma mwalemba nokha!"

Anandiwerengera pa foni yake: "Mpando uwu ndi wofewa, ukusowa mwini." Chithunzicho anajambula Mlongoti. M'mphepete mwake munkaoneka phazi lake lalitali, litaonda.

Mayiyo ndinamuthamangitsa ngati nkhuku. Mkwiyo wotsala ndinauthira pa mkamwini.

"Uthenga uwu ndiye wapeka iwe. Ukufuna kusesa zake zonse kuti ulowetse mkazi wina mosavuta. Ndimakudziwani anthu a nsapato zosongoka."

Anangotembenuka n'kumapita, ine n'kutsala ndi mpando. Tsiku lonselo nyundo inkaphonya msomali.

M'mawa mwake anabweranso, osapereka moni. Anandipatsira foni.

"Lero werengani nokha, mungati ndapeka."

Sukulu ndinalekera panjira, choncho ndinawerenga ndi chala, liwu limodzi limodzi. "Bambo anga akakukanizani mpando, bweraninso mawa. Amayamba ndi kukalipa."

Ndinacheukira pakhomo la shedi, ngati ndimuona Mlongoti akubisa kuseka ndi dzanja. Amene anaima pamenepo anali mayi wa khanda uja.

"Ndabweranso, agogo. Akuti mumayamba ndi kukalipa."

Anapapasa mpandowo, n'kupeza pofota paja.

"Apa mundikonzere kaye."

"Pamenepo ayi. Khalanipo choncho."

Anamasula mwana n'kukhala. Panamukwana. Khandalo linayamba kufufuza bere, ine ndinayang'ana kumbali.

Tinaukweza pangolo ndi mkamwini, aliyense mbali yake. Pansi panatsala timadontho tinayi toyera pamene panali miyendo yake. Ndikamasesa ndimatilambalala.

M'mawa ndimamvetsera nsapato zosongoka zija zikubwera. Sindiyang'ana nkhope yake, ndimayang'ana manja. Tsiku lina adzalowa foni ili m'thumba, mauthenga atatha.