Tiyi Wopanda Shuga

Mlendoyo adatsika pa kabaza chiperoni chikuwaza, nalunjika pakhomo pa Lackson ngati munthu wodziwa njira. Teleza anali atangotula dengu lake lothyolera tiyi. Adaona mchimwene wakeyo, kapitawo woopedwa esiteti yonse, akuvula chipewa mofulumira, nkhope itagwa.

"Ndani amenewa, achimwene?"

"Ogula nthochi. Sindikuwadziwa. Lowa m'nyumba."

Teleza adalowa, koma khutu adalisiya pazenera. Chimwalirireni mayi awo, Lackson ndiye ankamusankhira zonse: anzake, tchalitchi, ngakhale mzere wothyola. Keith, woyendetsa thirakitala ya masamba, atatumiza ankhoswe kudzafunsira Teleza, Lackson adawabweza. "Atsibweni athu adafera ku Gurue iwe ukukwawa," ankatero. "Mwini mbumba ndine, ndipo ukwati umenewu palibe." Tsopano Keith anali atatopa. Adati Loweruka asamukira ku Khonjeni.

Panja ankanong'onezana m'Chilomwe, chimene Teleza ankangochitola patalipatali. Wogula nthochi wanji wosacheukira n'komwe nthochi zili kuseriko?

"Teleza, tiyi!" adakuwa Lackson. "Wa alendowa usathire shuga."

Supuni idaima m'malere. Mlendoyo sadatchulepo za shuga. Akadatchula, iye akadamva.

Adatuluka, nagwada, napereka kapu ndi manja awiri.

"Achimwene, munthu wosamudziwa, mwadziwa bwanji kuti samwa shuga?"

"Pakamwa pakopo! Bwerera uko."

Teleza sadadzuke. Mlendo uja ankamuyang'anitsitsa, tiyi akuzizira m'manja.

"Lackson," adatero, "uyu si uja umati adapita ku Joni, safuna kumva za abale? Tikakumana pa malire pa Muloza umandiuza zomwezo chaka ndi chaka."

"Ndimamusamala," Lackson adayankha, mawu ali pansi. "Akachoka, nyumba ino nditsala ndi yani?"

"Ndiye n'kundipha ine? Ankhoswe amene udawabweza aja tidakumana nawo kumaliro ku Milanje. Nditatchula dzina langa ndi kwathu, wina mwa iwo adataya mbale, amvekere mzukwa."

Teleza adadzutsa mutu.

"Bambo, inu ndinu ndani?"

Mlendoyo adamwa tiyi wake, natula kapu pansi.

"Choyamba, mnyamata wakoyo ukamuuze asamange katundu. Ankhoswe ake abwere, adzayankhule ndi ine." Adamugwira dzanja, namudzutsa. "Mayi ako ndidawabereka kumsana ali khanda. Ndine atsibweni ako, Benard Namakhwa."