Nankafumbwe wa m'chikwama cha Efigénia

Valdemar Nicolau anali munthu wabwino, tisamunamizire. Mowa sankaudziwa, ku Misa sankajomba, ndipo ana a pa sukulu ya sekundaliya ku Ulongwe ankamukonda pulofesolo wawo wa jografiya. Koma nsanje! Mayo ine, nsanje ya mwamuna ameneyu inali yotentha yoti ungaphikire nyemba zouma.

Choipitsitsa n'chakuti inali nsanje ya mitundu iwiri. Iye ndi mkazi wake Efigénia anaphunzira limodzi ku mishoni ya Fonte Boa, ndipo masiku amenewo Valdemar ndiye ankakhala woyamba m'kalasi, Efigénia n'kumabwera pambuyo pake. Tsopano zinthu zinali zitatembenuka. Valdemar anatsala ndi choko m'manja, akujambulira ana nyanja zamchere zomwe iye mwini sanazionepo. Mkazi wake analembetsa ku yunivesidadi ku Beira, ndipo ankachita kafukufuku wa kayendedwe ka katundu: thumba la nyemba likachoka m'munda ku Domwe limayenda bwanji mpaka kukakwera sitima yapamadzi yopita ku India, limachedwa pati, ndipo amalichedwetsa ndani. Aphunzitsi ake ankamuimbira kuchokera ku Beira, ena kuchokera kutsidya kwa nyanja, akumutchula kuti dotola wa maphunziro asanamalize n'komwe. Valdemar akamva zimenezo ankaseka mano okha, mumtima muli bii.

Nsanje yachiwiri ndiyo inkamusowetsa mtendere. Kafukufuku wotere sachitikira m'tchalitchi ayi. Amachitikira ku Kalomwe, pa malire ndi Malawi, pomwe makamyau, magalimoto akuluakulu a katundu, amandanda kudikira mapepala, oyendetsa ake atakhala pansi pa matayala kukazinga nyama ndi kudyera maso aliyense wovala chitenje. Efigénia ankakhala kumeneko dzuwa lonse, akuwafunsa mafunso. Ndipo madzulo akabwera kunyumba, dzina la woyendetsa kamyau mmodzi silinkachoka pakamwa pake.

"A Tarsisio akuti thumba limatha nthawi yaitali litangokhala pa doko kuposa lili panyanja. Mukumva zimenezo? A Tarsisio akuti kamyau yawo imabwerako yopanda kanthu ngati feteleza sanatsitsidwe m'sitima."

"A Tarsisio, a Tarsisio! Kodi m'nyumba muno tizidya a Tarsisio?"

"Iii, apulofesolo, mwayambapo? Munthu wake ndi wadazi, ali ndi zidzukulu."

"Dazi silinaletsepo munthu."

Efigénia anaseka mpaka kugwira m'mimba, osadziwa kuti mnzakeyo sakuseka.

Nyengo yokolola nyemba itayandikira, Efigénia anabwera ndi katoni ya tizipangizo kuchokera ku yunivesidadi. Kalikonse kanali kakang'ono ngati bokosi la machesi. Ukakadina n'kukasokera m'thumba, kamaoneka pa mapu a mufoni ngati kadontho kofiira, ndipo thumba likayenda kadonthonso kamayenda. Efigénia ankatitchula kuti anankafumbwe, poti timayenda ulendo wonse tili m'kati mwa nyemba. Mwa chikondi chake, anatenga foni ya mwamuna wake n'kuikamo mapuwo.

"Muzikaonetsa ana anu kusukulu," anatero. "Aone kuti nyanja mumajambulayo ilikodi."

Iye ananena ndi mtima woyera, koma Valdemar mawuwo anamulasa. Ndiye kuti iye ndi wongojambula, wodziwa zenizeni ndi mkazi?

Tsiku lotsatira Efigénia anati akupita kwa amayi ake ku Domwe, akawathandize kupuntha nyemba ndi kusokera anankafumbwe m'matumba a alimi. Matumbawo adzanyamula ndani? A Tarsisio, ndaninso! Valdemar atamva dzinalo khutu linachita kulira. Mkazi wake ali kubafa, iye anatsegula katoni, natengamo nankafumbwe mmodzi, n'kumudina. Anang'amba nsalu ya m'kati mwa chikwama cha Efigénia, nalowetsamo kanthuko, n'kusoka ndi ulusi woyamba kuupeza. Singano inamubaya kawiri. Munthu wophunzira, pulofesolo wathunthu, kuyamwa chala ngati mwana wakuba shuga! Koma anadziuza kuti sakulakwa. Mwamuna ayenera kudziwa komwe kuli mkazi wake.

Poyamba kadontho kanangokhala phee ku Domwe, pa nyumba ya apongozi ake. Efigénia ankaimba tsiku ndi tsiku kufunsa ngati wadya, ndipo Valdemar anayamba kuchita manyazi. Kenako foni ija inasiya kulira.

M'mawa wina, pa nthawi yopuma kusukulu, anayang'ana mapu n'kuona kadontho kake kakuyenda, kulunjika ku Ulongwe. Akubwera kunyumba! Anayamba kuganiza zogula nkhuku. Koma kadonthoko sikanali kokha: kanali pakati pa timadontho tina, ta m'matumba a nyemba, ndipo pamwamba pa gululo Efigénia anali atalembapo kuti "Kamyau ya a Tarsisio". Valdemar anaimirira pa khonde la kalasi akuyang'ana. Timadontho tinalowa mu Ulongwe. Tinafika pa mphambano yolowera kunyumba kwake. Tinadutsa osachepetsako n'komwe liwiro, n'kutsetsereka msewu wa ku Tete.

Anakhala pansi pa sitepe. Ndiye kuti mkazi wake ali kutsogolo m'kamyau, pambali pa wadazi uja, chikwama chili pamiyendo. Wadutsa pakhomo pake ngati akudutsa pa manda a anthu osawadziwa.

Nambala ya Efigénia inali mufoni yomweyo, pansi pa chala chake. Kudina kamodzi basi. Koma nsanje ili ndi nzeru zake zopusa. "Ndimuimbire kuti andinamize?" anadzifunsa. "Ayi. Ndimugwira ndi umboni." Aaa, Valdemar iwe!

Ndiye anayamba ntchito yolondera. Anaona kadontho kakuoloka Zambezi pa Tete. Anakaona kataima pa malo ena ogona makamyau, ndipo kutacha kanali kakadali pomwepo. Pamenepo ndiye anadwala. Chakudya sichinalowe. Ankaona dazi lija m'madzi osamba, m'kapu ya tiyi, ngakhale pa mpira wa dziko lapansi umene unali pa tebulo lake m'kalasi. Anauza ana kuti Zambezi amathira ku India, ndipo mtsikana wina atakweza mkono kuti amukonze anamutulutsa panja. Kadontho kanapitirira Chimoio, kakuima apa, kakuima apo, ndipo poima paliponse iye ankadzijambulira m'mutu zinthu zoti sindingazitchule pano. Pomaliza kanalowa mu Beira, n'kukaima pa doko penipeni, m'mphepete mwa nyanja imene iye ankangoijambula ndi choko.

Zimenezi zinamuwawa kuposa zonse. Osati kungothawa ndi mwamuna, koma kukafika mpaka kunyanja iye asanafikeko!

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Valdemar anakwera njinga kupita ku Fonte Boa kwa amalume ake, a Arcanjo, omwe anali nkhoswe ya ukwati wake. Anawapeza akupopera mankhwala m'dimba la mbatata. A Arcanjo anamvetsera, nayang'ana mufoni maso atatsinzina.

"Ndiye ukuti kofiiraka ndi mkazi wako?"

"Ndi iyeyo, amalume."

"Wachepa bwanji! Mphwanga, nkhani ya chigololo si yonyamula mothamanga. Ukaitula pabwalo siibwereranso m'thumba."

"Umboni ndi umenewu. Makina sanama."

A Arcanjo anapukusa mutu, koma nkhoswe siikana ulendo. Anavala jekete lawo la ku Misa, ndipo awiriwo anakwera shapa, minibasi ya ku Domwe.

Kwa apongozi anawalandira mwaulemu. Anawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mapichesi, ndipo anaitana a Chakondwa, mlongo wawo wa amayi a Efigénia, amene anali nkhoswe ya kuchikazi. Amayiwo anakhala chapatali, atatambasula miyendo, akusankha nyemba m'lichero. Atalonjerana, a Arcanjo anakhosomola n'kuyamba mozungulira monga mwa mwambo, kuti kwathu kwagwa kautsi, tabwera kuti tione komwe kuli moto. Valdemar analephera kudikira. Analumpha mawu a amalume ake, chinthu chosachitika pa bwalo la ankhoswe, n'kutambasula mkono foni ili m'manja.

"Mwana wanu wathawa ndi woyendetsa kamyau! Ali ku Beira pano tikunena pano. Onani nokha!"

Amayi a Efigénia anasiya kusankha nyemba. A Chakondwa analandira foni ija ndi manja awiri, naiyang'ana nthawi yaitali, naitembenuza, naiyang'ananso. Kenako anatembenukira kuseri kwa nyumba.

"Efi! Tabwera kuno, mwanawe, udzadzione uli ku Beira."

Efigénia anatulukira kuseri kwa nkhokwe, chitenje chili m'chiuno, makoko a nyemba ali m'tsitsi, ndodo yopunthira ili m'manja. Anagwada n'kupereka moni kwa a Arcanjo. Koma sanayang'ane n'komwe kwa mwamuna wake.

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Chimwemwe chinamugwira Valdemar poyamba, chachikulu, choti akanatha kulira: sanathawe! Manyazi anabwera pambuyo pake, n'kuchikwirira.

Efigénia analankhula ndi ankhoswe, mawu ali pansi.

"Amalume, tizipangizo timeneti ndi ta yunivesidadi. Kalikonse kakadinidwa kamaoneka kwa ine, kwa aphunzitsi anga ku Beira, ndi kwa anzathu akutsidya kwa nyanja. Aphunzitsi anandiimbira kundifunsa kuti, kodi thumba ili ndi lotani, lopita kutchalitchi Lamulungu, lopita kuchigayo, lopita kumaliro? Ndinayang'ana pa mapu n'kuona kadontho kali pamene ndakhala ine. Ndinapapasa chikwama changa. Ulusi wobiriwira pa nsalu yakuda, masokedwe a munthu amene sanagwirepo singano."

A Arcanjo anavula chipewa n'kuchiika pa bondo.

"Ndinalira, amalume, sindibisa. Anthu akutali amene amandilemekeza anadziwa ine ndisanadziwe kuti mwamuna wanga amandilondola ngati ng'ombe yosokera. Ndiye ndinakachotsa kanthuko n'kukasokera m'thumba la nyemba, komwe kanayenera kukhala. Kamyau inanyamuka, ine ndinatsala."

"Efi, ine ndimaganiza kuti…"

Apa ndiye anatembenuka n'kumuyang'ana, maso ali ofiira.

"Ndikudziwa zimene mumaganiza, a Valdemar. Zimenezo ndikanakukhululukirani, nsanje ndi matenda. Koma ine ndinati ndione: mwamuna wanga akaona ndikudutsa pakhomo pake, aimba. Foni ndinaimangirira pa chitenje apa. Ndimapuntha nyemba ili pomwepa, ndimapita kumadzi ili pomwepa. Kamyau inadutsa Ulongwe, zii. Inaoloka Zambezi, zii. Ndinati mwina akalipa, anditukwana, bola ndimve mawu ake akunena kuti bwerera. Inu munaona mkazi wanu akupita, msewu wonse kuchokera kuno mpaka kunyanja, ndipo simunamuitane ngakhale kamodzi. Munkangofuna kuti mupambane mlandu."

Nkhuku ina inafika n'kuyamba kujompha nyemba m'lichero la amayi, ndipo palibe anaiingitsa.

Valdemar anafunafuna choti anene, iye amene ku Fonte Boa sankasowa yankho. Anapeza chimodzi chokha, chaching'ono, ndipo chinali choona.

"Ndimaopa kuti muyankha muli kumeneko."

Milomo ya Efigénia inanjenjemera. Kwa kanthawi Valdemar anaganiza kuti zatheka. Koma mkaziyo anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kuyang'ananso kwa ankhoswe.

"Aphunzitsi anga akhala akundipempha kuti ndikakhale ku Beira chaka chathunthu, ndikamalizire kafukufuku pa doko. Ndinkakana, osawauza n'komwe amuna angawa, kuopa kuwapweteka mtima. Dzulo ndavomera."

"Mwanawe, ukwati ndi kupirira," anayesa a Arcanjo, koma mawu awo anali opanda mphamvu.

"Sindinathetse ukwati, amalume. Umenewo mukambirana inu akuluakulu, ndikadzabwerako tidzaona chatsala. Koma kuyambira lero, a Valdemar akafuna kudziwa komwe ndili, azifunsa kwa a Chakondwa."

Anawerama pang'ono kutsanzika, natola ndodo yake.

"Efi," anaitana Valdemar. "Efi!"

Tsopano ndiye anaitana, mokweza, mpaka ana a nyumba yoyandikana anasuzumira pa mpanda. Efigénia anakhota kuseri kwa nkhokwe, ndipo posakhalitsa kunamveka ndodo ikupuntha nyemba, phu, phu, phu. A Chakondwa anamubwezera foni yake ndi manja awiri, namupempha mwaulemu kuti asunthe phazi, apinde mphasa.